Katswiri wa masamu amene akuphunzitsa galimoto kuyenda ndi anthu

Galimoto zimakhala zikuyenda bwinobwino pamsewu waukulu. Mwadzidzidzi magetsi ofiira a mabuleki amayamba kuyaka, galimoto iyi kenaka inzake, ndipo posakhalitsa mzere wonse umaima njii. Dalaivala aliyense amatukula khosi kuti aone chimene chagwa kutsogoloko, koma akafika pamalopo sapezapo ngozi, apolisi kapena galimoto yowonongeka. Msewu uli pululu.

Mdipiti wotere, umene umabadwa popanda chifukwa chooneka ndi maso, wakhala ukuzunguza mitu ya akatswiri kwa zaka zambiri. Mmodzi mwa amene ausinkhasinkha kwa nthawi yaitali ndi Pulofesa Benedetto Piccoli, katswiri wa masamu wa ku Italy yemwe amaphunzitsa pa yunivesite ya Rutgers, nthambi ya ku Camden, m'chigawo cha New Jersey ku America. Iye pamodzi ndi anzake aonetsa kuti sipafunika kudikira tsiku limene galimoto zonse zidzakhale zodziyendetsa kuti misewu ipume. Galimoto zochepa chabe zoyendetsedwa ndi kompyuta, zikasakanikirana ndi za anthu n'kumayenda modekha, zingathe kukhazika pansi mzere wonse, kuchepetsa kuponda mabuleki ndi kupulumutsa mafuta.

Nkhaniyi njofunika chifukwa galimoto zodziyendetsa sizidzapatsidwa misewu yawoyawo. Ku America, galimoto yomwe ili pamsewu lero imakhala itatha zaka zoposa 12 tikawerengera zonse pamodzi, choncho ngakhale makampani atasiya kupanga galimoto zachiongolero mawa lino, makina ndi anthu adzapanikizanabe mumsewu umodzi kwa zaka zambiri.

Kuchokera ku Padua

Piccoli sadayambe ndi misewu. Adatenga digiri yake yoyamba ya masamu pa yunivesite ya Padua mu 1991, ndipo mu 1994 adamaliza digiri ya udokotala pa sukulu ya kafukufuku ya SISSA mumzinda wa Trieste. Yemwe ankamuunikira adali Alberto Bressan, mmodzi mwa akatswiri odziwika kwambiri pa masamu ofotokoza kayendedwe ka zinthu zothamanga ngati mpweya ndi madzi.

Ntchito yake yoyamba idali pa nthambi ya masamu yofufuza njira yabwino koposa yowongolera chinthu choyenda. Funso lake n'losavuta kulimva: ngati ukufuna kuchotsa chinthu pamalo ena n'kukachiimitsa pamalo ena m'nthawi yochepa zedi, uchite motani? Kwa galimoto yomwe ili yokha pamsewu, yankho lidapezeka kale m'zaka za m'ma 1950 kudzera m'ntchito ya katswiri wa ku Russia, Lev Pontryagin, ndi ophunzira ake. Uponde moto wonse mpaka pamalo ena oyenera, kenaka uponde mabuleki onse. Piccoli adafufuza mmene mayankho a mtundu umenewu amakhalira pa makina ovuta kuposa apa, ndipo mu 2004 adatulutsa buku la nkhaniyi pamodzi ndi Ugo Boscain.

Atachoka ku Trieste adakaphunzitsa pa yunivesite ya Salerno, kenaka adakhala mkulu wa kafukufuku pa nthambi ya masamu ya bungwe la boma loona za kafukufuku ku Italy, mumzinda wa Rome. Mu 2009 adasamukira ku Rutgers. Ndi m'zaka za ku Salerno ndi ku Rome pamene adatembenukira ku misewu.

Galimoto ngati madzi

Ganizo lakuti galimoto zambiri zimayenda ngati madzi mumtsinje n'lakale. Mu 1955 akatswiri awiri a ku Britain, James Lighthill ndi Gerald Whitham, adalilemba m'masamu, ndipo chaka chotsatira Paul Richards wa ku America adafika pa mfundo yomweyo payekha. Maziko ake ndi lamulo limene mwana wa sukulu angalivomereze: galimoto sizimera pamsewu ndipo sizisowa ngati nthunzi. Zikalowa zambiri m'chigawo china cha msewu kuposa zimene zikutuluka, chigawocho chimadzaza.

Lamulo lachiwiri limati kuchuluka kwa galimoto zodutsa pamalo amodzi pa ola kumadalira zinthu ziwiri, kuthithikana kwake ndi liwiro lake. Mwachitsanzo, pakakhala galimoto 20 pa kilomita iliyonse ndipo zikuyenda pa liwiro la makilomita 90 pa ola, pamalopo padzadutsa galimoto 1,800 pa ola. Zikakhala 100 pa kilomita, n'kumakwawa pa makilomita 10 pa ola, zodutsa zidzangokhala 1,000. Apa mpamene pagona chinsinsi cha mdipiti. Pali malire amene msewu umanyamula galimoto zambiri koposa, ndipo zikangopitirira malirewo, kuwonjezera galimoto kumachepetsa zimene zikufika kumene zikupita.

Masamu a Lighthill ndi anzake ankafotokoza msewu umodzi wautali wopanda nthambi. Koma mzinda suli choncho. Uli ndi mphambano, maraundabauti ndi maloboti, ndipo pamphambano lamulo loti galimoto sizisowa silokwanira kulosera chimene chichitike. Galimoto 100 zikafika pamene msewu wagawikana pawiri, lamuloli limangonena kuti 100 zomwezo zituluka, osanena kuti zingati zilowera kumanja.

Apa mpamene Piccoli adasiya chizindikiro chake. Mu 2005, iye ndi Giuseppe Coclite ndiponso Mauro Garavello adasindikiza kafukufuku amene adaika malamulo owonjezera pamphambano. Loyamba limati madalaivala amagawikana m'misewu yotuluka motsata chizolowezi chodziwika cha kumene akupita. Lachiwiri limati, potsata chizolowezi chimenecho, amayesetsa kudutsa ambiri mmene angathere. Pamene misewu iwiri ikuthira mumsewu umodzi pamafunikanso lamulo la amene ayenera kuyamba. Ndi malamulowa zidatheka kuwerengera kayendedwe ka galimoto m'misewu yambiri yolumikizana. Mu 2006 Garavello ndi Piccoli adatulutsa buku lotchedwa Traffic Flow on Networks, lomwe ofufuza za misewu amaligwiritsabe ntchito.

Funde lobwerera m'mbuyo

Ngakhale zidali choncho, funso la mdipiti wopanda chifukwa lidatsalabe. Umboni wogwirika udachokera ku Japan, kumene gulu lotsogozedwa ndi Yuki Sugiyama lidaika galimoto 22 pamsewu wozungulira wa mamita 230 n'kuuza madalaivala kuti aziyenda pa liwiro la makilomita 30 pa ola. Panalibe mphambano, chitunda kapena chotchinga chilichonse. Poyamba zonse zidayenda bwino, koma pasadapite nthawi galimoto zina zidayamba kuunjikana mpaka kuima, kwinaku zina zikuthamanga kuti zitseke mpata. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2008.

Chimachitika n'chakuti palibe munthu amene angasunge liwiro limodzi ndendende. Wina akachepetsa liwiro pang'ono chabe, wapambuyo pake amazindikira mochedwa, motero amaponda mabuleki mwamphamvu pang'ono kuposa mnzakeyo. Wachitatu amaponda kuposa wachiwiri. Msewu ukakhala wodzaza, kakusintha kakang'onoko kamakula kakamatsika ndi mzere, ndipo dalaivala wina kumbuyo amakakamizika kuima. Pamene akuyambanso kuyenda, amene ali kumbuyo kwake amakhala atangoima kumene.

Mulu wa galimoto zoimazo umasuntha chobwerera m'mbuyo ngati funde, ngakhale galimoto iliyonse ikupita kutsogolo. Ku Japan fundelo linkabwerera pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola, lomwe n'lofanana ndi limene limayezedwa m'misewu ikuluikulu. N'chifukwa chake dalaivala sapeza kanthu akafika kutsogolo: amene adayambitsa vutolo amakhala atapita kalekale, ndipo mwina sadziwa n'komwe.

Funde lililonse limadya ndalama. Mphamvu imene injini yapanga potentha mafuta imatayika ngati kutentha m'mabuleki, ndipo injiniyo imatenthanso mafuta ena kuti galimoto ibwerere pa liwiro lake. Njira ija yoponda moto wonse n'kudzaponda mabuleki onse, yomwe imafikitsa msanga galimoto yoyenda yokha, ndi imene imasautsa aliyense galimoto zikachuluka.

Galimoto imodzi ku Tucson

Piccoli adali atafufuzapo kale za galimoto yoyenda pang'onopang'ono, monga basi kapena lole, imene imasanduka chotchinga choyenda nacho pamsewu. Masamu ake amalumikiza zinthu ziwiri, ulendo wa galimoto imodziyo ndi mtsinje wa galimoto zonse zoizungulira. Funso lidabwera lokha. Ngati galimoto imodzi ingasinthe kayendedwe ka zinzake zonse mowononga, kodi singachitenso chimodzimodzi mokonza?

Kuti ayankhe, adagwirizana ndi akatswiri ena atatu: Benjamin Seibold, wa masamu pa yunivesite ya Temple, amene adafufuzapo za mafunde a galimoto, Daniel Work, injiniya amene panthawiyo adali ku yunivesite ya Illinois, ndi Jonathan Sprinkle, amene adali ndi galimoto yoyesera ku yunivesite ya Arizona. Ndalama zidachokera ku bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa sayansi la National Science Foundation.

Mu 2016, mumzinda wa Tucson, gululi lidabwereza zimene zidachitika ku Japan, pamsewu wozungulira wa mamita 260 ndi galimoto zoposa 20. Pakati pa bwalolo adaikapo kamera yoona mbali zonse, ndipo galimoto iliyonse idali ndi kachipangizo koyeza mafuta. Galimoto imodzi yokha, ya mtundu wa Ford Escape, ndiyo idali ndi kompyuta yotha kuwongolera liwiro. Ofufuzawo ankayamba adikira kuti funde libadwe, kenaka n'kuyatsa kompyutayo.

Malangizo a kompyutayo adali osavuta. Mpata ukatseguka kutsogolo, isathamangire kukautseka. Iziyenda pa liwiro loyandikana ndi limene mzere wonse ukuyendera tikawerengera pamodzi, ndipo ichepetse pokhapokha ikayandikira kwambiri galimoto yakutsogolo. Mpata umene ikusiyawo umakhala ngati nkhokwe. Yakutsogolo ikaima, iyo imangodya mpatawo pang'onopang'ono, ndipo ikamafika pafupi, inzakeyo imakhala itayambanso kuyenda. Madalaivala akumbuyo saona magetsi ofiira, choncho alibe chifukwa chopondera mabuleki.

Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018. Funde lidazimirira, kuponda mabuleki mwamphamvu kudatsala pang'ono kutheratu, ndipo mafuta amene galimoto zonse pamodzi zinkagwiritsa ntchito adatsika ndi pafupifupi 40 peresenti pa kuyesa kumene kudayenda bwino koposa. Galimoto zodutsa pa ola nazo zidachuluka. Zonsezi zidachitika pamene galimoto yoyendetsedwa ndi kompyuta idali imodzi mwa zoposa 20, kutanthauza zosakwana 5 mwa 100 zilizonse. Akuluakulu adati nsomba imodzi ikawola zonse zawola, koma ku Tucson zidaoneka kuti imodzi yabwino ingathenso kukonza zinzake.

Makina nawo amayambitsa mdipiti

Wina angaganize kuti kompyuta iliyonse ingachite zimenezi. Ayi ndithu. Galimoto zambiri zamakono zili ndi chipangizo chotchedwa adaptive cruise control, chimene chimayeza mtunda wofika pa galimoto yakutsogolo n'kumasintha liwiro chokha. Gulu lomweli lidayesa chipangizochi m'mitundu isanu ndi iwiri ya galimoto zogulitsidwa pamsika, ndipo lidapeza kuti m'mitundu yonseyo kakusintha kakang'ono ka liwiro la galimoto yakutsogolo kankakula kakamadutsa m'galimoto zotsatira, monga momwe zimakhalira ndi anthu.

Chifukwa chake n'chomveka. Zipangizozi zidapangidwa kuti zisangalatse mwini galimoto, kuti ayende mosatekeseka ndiponso kuti asasiye mpata woti ena alowerepo. Palibe amene adazipanga poganizira dalaivala wakhumi kumbuyo. Tanthauzo lake n'lakuti kuchuluka kwa galimoto zamakompyuta pakokha sikudzathetsa mdipiti, ndipo kungathe kuukulitsa. Chofunika ndi lamulo limene lalembedwa mkati mwa kompyutayo, ndipo kulemba lamulo limenelo ndi ntchito ya masamu.

Galimoto 100 ku Nashville

Bwalo la ku Tucson lidali ndi njira imodzi yokha, moti palibe amene akadadumpha mnzake. Pamsewu weniweni, ukasiya mpata wina amalowapo. Kuti aone ngati njirayi ingagwire ntchito kumeneko, ofufuzawo adakhazikitsa mgwirizano waukulu wotchedwa CIRCLES, wotsogozedwa ndi Alexandre Bayen wa yunivesite ya California ku Berkeley. Mudali mayunivesite a Vanderbilt, Arizona, Temple ndi Rutgers, makampani a Nissan, Toyota ndi General Motors, komanso nthambi ya zamtengatenga ya chigawo cha Tennessee.

Kwa masiku angapo mu Novembala 2022, galimoto pafupifupi 100 zinkatulutsidwa m'mawa pamsewu waukulu wa Interstate 24 pafupi ndi mzinda wa Nashville, nthawi imene anthu amakhala akuthamangira kuntchito. Sizidali galimoto zopanda dalaivala. Iliyonse idali ndi munthu wophunzitsidwa atagwira chiongolero, ndipo kompyuta inkangowongolera liwiro. Malangizo ankachokera mbali ziwiri. Kompyuta yaikulu inkaona mmene msewu wonse ulili n'kutumiza liwiro loyenera chigawo chilichonse, pamene kompyuta ya m'galimoto inkayang'ana galimoto yakutsogolo n'kusankha chochita pa mphindi imeneyo. Motero galimoto inkatha kuyamba kuchepetsa liwiro isadafike n'komwe pa funde limene dalaivala wake sankaliona.

Chigawo cha msewuwo cha makilomita oposa 6 chili ndi makamera pafupifupi 300 okwezedwa pamitengo yazitsulo, amene amajambula ulendo wa galimoto iliyonse yodutsa. Izi zidapatsa ofufuza mwayi woyeza zimene galimoto 100 zija zinkachita kwa madalaivala masauzande amene sankadziwa kuti akuyenda pakati pa kafukufuku. Gulu la Piccoli ku Camden lidatenga mbali pokonza masamu owongolera liwiro ndi owerengera mafuta.

Zimene masamuwa sayankha

Kuthetsa funde ndi gawo limodzi chabe la kukhalira limodzi kwa makina ndi anthu. Gawo lina, lomwe n'lolemera kwambiri, ndi la moyo wa munthu. Mu Malichi 2018, galimoto yoyesera ya kampani ya Uber idagunda ndi kupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga mumzinda wa Tempe ku Arizona. Bungwe la boma lofufuza ngozi lidapeza kuti kompyuta idamuona mayiyo koma idalephera kuzindikira msanga kuti ndi munthu wowoloka msewu, ndipo munthu amene adaikidwa kuti aziyang'anira galimotoyo maso ake sadali pamsewu. Mu Okutobala 2023, boma la California lidaimitsa chilolezo cha kampani ya Cruise galimoto yake itakoka munthu woyenda pansi mumzinda wa San Francisco.

Komabe ntchitoyi sidaime. Kampani ya Waymo yakhala ikunyamula anthu m'galimoto zopanda dalaivala m'dera la Phoenix kuyambira mu 2020, ndipo idafikanso ku San Francisco ndi ku Los Angeles. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho chimalimbitsa mtima amene amati makina ayenera kupatsidwa mwayi.

Palinso funso la chilungamo. Galimoto yosiya mpata imathandiza kwambiri amene ali kumbuyo kwake kuposa mwini wake, yemwe amaona ena akumulowerera kutsogolo. Ndani angagule galimoto kuti ipindulitse anthu osawadziwa? Ndipo ndani ayenera kulamula makampani kuti makompyuta awo aziganizira mzere wonse? Awa ndi mafunso a opanga malamulo, koma sangawayankhe popanda manambala osonyeza phindu ndi mtengo wake.

Tiyeneranso kusiyanitsa mitundu ya mdipiti. Njira ya Piccoli ndi anzake imachiza funde lobadwa chifukwa cha kayendetsedwe ka anthu. Siingakulitse mlatho wopapatiza kapena raundabauti imene yalandira galimoto zoposa mphamvu yake. Idayesedwanso pamisewu ya galimoto zokhazokha, yosiyana kwambiri ndi misewu ya m'mizinda yathu kumene minibasi, njinga za kabaza, ogulitsa malonda ndi oyenda pansi amagawana malo amodzi. Piccoli mwiniwake adalembapo buku la masamu a kayendedwe ka khamu la anthu oyenda pansi mu 2014, pamodzi ndi Emiliano Cristiani ndi Andrea Tosin, koma kuphatikiza zonsezi mumsewu umodzi ndi ntchito imene ikadali patsogolo.

Phunziro losafuna kompyuta

Kwa dziko ngati Malawi, limene limagula pafupifupi mafuta onse kunja ndi ndalama zakunja zovuta kupeza, lita iliyonse yotayika m'mabuleki njowawa. Galimoto zambiri kuno zimafika zitagwirapo kale ntchito ku Japan ndi kwina, kotero zipangizo zowongolera liwiro zidzatipeza pang'onopang'ono, ndi malamulo amene ena adalemba mkati mwake.

Koma pali chinthu china cha ku Tucson chimene sichifuna kudikira. Pa kuyesa kwina, ofufuzawo adazimitsa kompyuta n'kupempha dalaivala wophunzitsidwa kuti aziyendetsa galimoto ija pa liwiro limodzi limene adamuuza, osathamangira mpata uliwonse wotseguka. Funde lidachepanso, ndipo mafuta adapulumuka. Kusiyana kwake n'kwakuti dalaivalayo adachita kuuzidwa liwiro loyenera ndi anthu amene ankaona bwalo lonse, mwayi umene munthu ali yekha pachiongolero sakhala nawo. Ngakhale zili choncho, mfundo yake njomveka kwa aliyense woyendetsa galimoto mumzere: kusiya mpata wokwanira, kuyang'ana galimoto zingapo kutsogolo ndi kupewa kuponda moto pamene ukuona kuti uima posachedwa kumathandiza anthu ambiri kumbuyo kwako, pamene iwe ukuchedwa ndi masekondi ochepa chabe.

Padatenga zaka zoposa 60, kuchokera pa kafukufuku wa Lighthill ndi Whitham mpaka pabwalo la ku Tucson, kuti mfundo imeneyi iyezedwe ndi manambala. Ntchito imene yatsala kwa Piccoli ndi anzake ndi kuonetsa kuti zimene zidatheka ndi galimoto 20 pabwalo, n'kuyesedwa ndi galimoto 100 ku Nashville, zingalowe m'galimoto mamiliyoni zimene makampani akugulitsa chaka chilichonse.